Mapazi pa Kreti

"Ndakufunsani funso limodzi lokha, bambo a Kadona. Kreti ija mwapita nayo kuti?"

"Kreti iti?"

"Musandiyankhe ngati ndinu mlendo pakhomo pano. Imene imakhala pansi pa tebulo la m'khitchini."

"Oo, yakuda bii ija? Ndinaitenga dzulo. Ndimayesa ndi yotaya."

"Yotaya! Inu, munthu woti aliyense amakutchulani a Musataye, lero mwachidziwa chinthu chotaya?"

Pamenepo mayi a Kadona sananame. Amuna awo ankakonza njinga m'kashedi ka m'mphepete mwa msewu, ndipo dzina limeneli analipeza ndi pakamwa pawo pomwe. Akaona munthu akupita kudzala ndi chitini, ambulera yothyoka kapena mpando wopanda mwendo, ankakuwa ali patali, "Musataye!" Kuseri kwa shediko kunali mulu wa zinthu zimene ankati zidzagwira ntchito tsiku lina, koma tsikulo linkachedwa kufika.

M'mawa umenewo m'khitchini munali zosaona. Ketulo inali chagada pansi, tiyi atayenderera mpaka pakhomo, ndowa ya pulasitiki itang'ambika, ndipo mbale zolandirira alendo zinali zidutswazidutswa. Pakona panaima kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, katanyika dzanja m'jagi ya madzi ozizira. Kanali kamwana ka malemu mlongo wawo wa a Musataye. Anakatenga kumaliro akulonjeza sukulu, koma panali patapita zaka ziwiri sukuluyo ikungomveka pakamwa. M'nyumbamo ankangomuitana kuti Iwe.

"Iwe, tawauza amalume ako zimene wachita," anatero mayi a Kadona.

"Ndinakwera pa ndowa, amalume. Ndiye inaphwanyika. Pogwa ndinagwira nsalu ya patebulo."

"Nanga pa ndowapo umakwerapo kufuna chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Azakhali ake ndiwo anamuyankhira.

"Mukufunsa chiyani inu? Mumayesa tiyi amene mumamwa m'mawa uliwonse amatsika yekha pa stovu? Bweretsani kretiyo, ine ndachedwa kumsika."

"Ndaichotsa kale thabwa limodzi."

"Mwaichotsa thabwa! Kuti mutani nayo?"

A Musataye anakanda m'mutu. Anafotokoza kuti Kadona, mwana wawo mmodzi yekhayo wa zaka zisanu, anaona khitchini yoseweretsa ya pulasitiki m'sitolo ina ndipo chionereni sanasiye kuilirira. Iwo anali atamulonjeza kuti amupangira yake, yoposa ya m'sitoloyo.

"Ndiye mawa akalirira ndege mudzakhwatula malata a denga lino?"

"Malata ayi. Kuseri kuja ndili ndi chitseko cha firiji."

"Ndikunena zenizeni inu mukuseka. Tamverani. Mayi a golosale aja akhala akundipempha mtsikana wowathandiza kunyumba kwawo. Ndinkazengereza, koma lero ndaganiza. Mwezi uno ukatha ndimupereka. Kumeneko akadya, akavala, akaswe mbale za eni ake amene ali ndi zambiri."

"Mwana wa mlongo wanga akakhale wantchito?"

"Mwana wa mlongo wanu amene simudziwa ngakhale pamene amaponda." Anasenza chikwama chawo cha zovala za kaunjika n'kutuluka, koma pakhomo anatembenuka. "Iwe, ukolope pamenepo. Dzanjalo upakepo mafuta."

A Musataye anapita kushedi akung'ung'udza. Amuna ambiri khitchini ya m'nyumba mwawo amaidziwa ndi fungo lokha, ndipo iwo sanali osiyana ndi anzawo. Mumtima ankati nkhaniyo izizira, monga zimazizirira nkhani zina za akazi awo dzuwa likapendeka.

Njinga zinali zochepa tsikulo. Atamata chubu cha mphunzitsi wina, anakoka kreti ija n'kuiika padzuwa kuti aipale ndi sandipepala. Inali ya matabwa olimba, yoti munthu wamkulu akhoza kukhalapo. Pamwamba pake panali pakuda ndi mafuta ndi msuzi wouma, dontho pamwamba pa dontho. Koma pakati penipeni panali malo awiri oyera, oyandikana, amene madonthowo sanafikepo.

Anawerama kuti aonetsetse. Anali mapazi. Tizidendene tiwiri, ndi tizala tonse tikuoneka bwinobwino. Anaika chikhatho chawo pa limodzi ndipo chinaliphimba lonse.

Anakhala pansi ndi sandipepala m'manja osapala kanthu. A Musataye sanali munthu wothamanga mutu, koma chinthu akachiona ndi maso ankachitsata mpaka kumapeto. Ngati thabwa linatsala loyera pamene panali mapazi, ndiye kuti mafuta otentha amene akanagwera pa thabwalo anagwera pa chinthu china.

Masana mtsikana uja anabwera ndi mpunga ndi nyemba m'kontena, Kadona akudumphadumpha pambuyo pake.

"Ababa, yatha?"

"Sinayambike n'komwe, Kadona. Pita kuseriko ukandisankhire zivindikiro za mabotolo, zofiira zokhazokha." Kadona atathamanga, a Musataye anatembenukira kwa mtsikana uja. "Tavula patapata."

"Ndalakwa chiyani, amalume?"

"Palibe. Taponda apa."

Anakwera mosavuta, ngati munthu wolowa m'nyumba mwake. Mapazi ake anakwana ndendende m'malo oyera aja, kungoti zala zinapitirira pang'ono chifukwa anali atakula. Pamwamba pa mapaziwo panali timabala tambirimbiri, tina takale totuwa, tina tatsopano.

"Izi n'chiyani?"

"Ndi mafuta. Amathetheka ndikamakazinga mazira. Sizipweteka kwambiri, amalume. Munthu umangopirira osasuntha, chifukwa ukasuntha umagwa."

"Umaima apa kangati pa tsiku?"

"M'mawa, masana ndi madzulo. Potsuka mbale ndimaikokera ku sinki."

"Bwanji sunanene kuti tebulo lakutalikira?"

"Azakhali anati munalipanga dala lalitali."

Mawu amenewo anawalasa. Tebulolo analipanga okha kuchokera ku chitseko chakale, nthawi imene Kadona ankayamba kuyenda. Analipatsa miyendo yaitali ndi cholinga chimodzi, choti mwana asafikire stovu n'kupsa. Ankalinyadira mpaka kumaonetsa alendo. Anachita manyazi kwambiri moti mpunga uja anaukankhira pambali.

Madzulo, akazi awo atangotula chikwama, anayamba ndi iwo.

"Mayi a Kadona, kreti ija sibwereranso m'khitchini."

"Chabwino. Dulani miyendo ya tebulo."

"Tebulo silidulidwa. Ndinalipanga kuti mwana asafikire moto, ndipo likhala choncho. Amene safikira stovu ataima pansi, saphika m'nyumba muno."

Mayi a Kadona anaseka mpaka kukhala pa mpando. "Lamulo latsopano! Ndiye aphika ndani? Ine ndimachoka kusanache kukalimbirana mabelo ndi anzanga. Ndimabwera miyendo itatupa. Kapena mwapeza mkazi wina wamtali?"

"Ndiphika ine."

"Inu? Amene mumafunsa kuti mchere umakhala pati?"

"Mundiuza kamodzi, ndidziwa. Mwawaona mapazi a mwana uja?"

"Ndawaona. Nanga awa mwawaona?" Anavula nsapato n'kutambasula miyendo. Pa mapazi awo panalinso timabala totuwa, takalekale, timene amuna awo kwa zaka zonsezi ankayesa ndi chibadwa. "Ine ndinayamba kuphikira banja la eni ake ndili wamng'ono kuposa iyeyo. Ndinafa? Si ine ndikudyetsa nyumba ino limodzi ndi inu? Mwana wamkazi wopanda mayi ayenera kulimba manja msanga. Ndikumuphunzitsa moyo, sindikumuzunza ayi."

"Nanga sukulu?"

"Teremu ikubwerayi."

"Munatero chaka chatha. Inenso ndinavomera, sindikukana. Koma tsopano teremu ikubwerayo mukuti akakhale kwa mayi a golosale."

"Ndawauza kale. Mawu anga sindibweza ngati mwana. Inu phikani tione. Mukatha sabata, ndidzavina pamsika anthu akuona."

Kunena zoona, mayi a Kadona sanali munthu wouma mtima. Mtsikanayo akadwala ankamugulira mankhwala, ndipo m'belo mukatuluka diresi lomukwana ankamupatulira. Kungoti njira imene anadutsamo iwo ankaiona ngati msewu wa aliyense.

A Musataye anayamba kuphika. Tsiku loyamba phala linatuluka ndi mibulu yoti n'kugendera galu. Tsiku lachiwiri anathira shuga m'nyemba. Mpunga wawo pansi unkapserera, pamwamba uli wosapsa, ndipo Kadona ananena mosabisa kuti zakudya za ababa zikununkha matayala. Ometa tsitsi, amene shedi yawo inagundana ndi ya a Musataye, anawaona akusenda anyezi misozi ili mbwembwembwe ndipo nkhani inafika pamsewu wonse.

"Achimwene, akudyetsani chiyani kunyumbaku? Mawa tikuonani mutavala diresi."

"Likakhala la matumba ndivala, ndizisungiramo masipanala," anayankha a Musataye, osakweza n'komwe mutu.

Chimene chinawavuta kwambiri si anthu oseka, koma mtsikana yemweyo. Ankadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi n'kuima pakhomo la khitchini manja ali kumbuyo, nkhope yodzaza mantha. Kwa iye kuletsedwa kuphika chinali chilango cha mbale zija, ndipo ankaona kuti munthu wopanda ntchito pakhomo ndi amene amachotsedwa.

"Amalume, ndingosenda mbatata. Sindiswanso kanthu."

"Khala apo pa mpando. Iwe ukhala kapitawo, uzindiuza pamene ndikulakwitsa."

Analakwitsa pambiri, ndipo kapitawoyo anayamba ndi kunong'ona. "Chepetsani moto." "Chigwiriro cha poto chiloze kukhoma, mungachigunde ndi chigongono." Pofika sabata yachiwiri ankawadzudzula mokweza, ndipo tsiku lina amalume ake atagwetsera chigoba cha dzira m'chiwaya, anaseka mpaka kugwira pamimba. Kunali koyamba kuti a Musataye aone kuti mwanayo ali ndi mpata pakati pa mano, ngati mmene analili mayi ake. Za kuvina pamsika mayi a Kadona sanazitchulenso.

Masana aliwonse, njinga zikachepa, atatuwo ankakhala kuseri kwa shedi. Apa ndi pamene munthu akanawaona a Musataye enieni. Mulu uja umene akazi awo ankautcha dzala la pakhomo unayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi, ngati unkangodikira kuitanidwa. Kreti inakhala stovu. Kabati yakale ya pambali pa bedi, imene chiswe chinadya kumsana, anaikhomera pambali pake, n'kuboola pamwamba, n'kulowetsamo kabeseni kachitsulo kobooka. Imeneyo inali sinki. Mpopi anaupanga ndi chigwiriro chokhota cha ambulera, ndipo kuseri anamangirira kachigubu ka mafuta ophikira ndi kapaipi ka pampu ya njinga, moti ukafinya chigubucho madzi ankatulukadi. Kadona atawaona madziwo anakuwa mpaka ometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka n'kubwera kudzasuzumira.

Masipoko a njinga anasanduka shelefu ya mu uvuni. Zivindikiro zofiira za mabotolo anaziboola pakati n'kuzimanga ndi timabawuti kuti zizizungulira, ndipo kuseri kwa chilichonse anaikako kachidutswa ka chubu kuti chizilimba ngati cha stovu yeniyeni. Mapoto anali zitini za nsomba ndi za mkaka. Chitini chilichonse ankachipinda m'mphepete ndi pulayala, n'kusalaza ndi hamala, kenako n'kuyendetsapo mlomo wawo. Ankati chala cha wokonza njinga n'chokakala, sichimva kuthwa, koma chimene sichicheka mlomo sichingacheke mwana. Msomali uliwonse ankaupinda nsonga n'kuubisa m'thabwa.

"Amalume, mwaiwala pokoleka kansalu," anatero mtsikana uja tsiku lina.

"Kansalu kachiyani?"

"Kophulira poto. Kazikhala pafupi, kudzanja lamanja. Mukakaika patali, poto amasefukira musanakatenge."

"Pano palibe moto, mwanawe. N'zoseweretsa."

"Ndikudziwa. Koma Kadona akazolowera molakwika adzapsa akadzakula."

A Musataye anapinda foloko yakale n'kuikhoma kudzanja lamanja. Anazindikira kuti masiku onsewo mwanayo ankapala matabwa, kupaka penti, kutsuka zitini ndi kuzindandalika bwinobwino, koma sanatolepo ngakhale tsamba limodzi n'kunena kuti ndi ndiwo. Kadona akamupatsa mchenga m'chitini kuti alawe, iye ankangoutaya n'kutsuka chitinicho.

Chomaliza chinali pamwamba pa kreti. Penti woyera amene anakokota m'zitini za omanga nyumba anakwana paliponse, koma pofika pa mapazi aja dzanja lawo linakana. Anapaka mozungulira. Kenako anatenga zivindikiro ziwiri za zitini za penti, n'kuzidetsa ndi polishi wa nsapato kuti zikhale mbale za stovu, n'kuzikhoma ndi msomali umodziumodzi m'mphepete pamwamba pa mapaziwo. Zivindikirozo zinachepa pang'ono. Zala zinatsala kunja.

Mwezi unatha Loweruka. A Musataye anainyamula khitchiniyo pa wilibala n'kukaitula pabwalo la nyumba, pansi pa chingwe choyanikapo zovala. Ana a nyumba zoyandikana anadzaza pampanda. Inali yokongola, tisabise. Inali ndi katani ya malaya akale a mizeremizere, wotchi ya chivindikiro cha ndowa, ndiponso kawindo ka waya wa sefa.

Akumangitsa mpopi, anamva mawu a mlendo pakhonde. Mayi a golosale anali atafika, atakhala pa mpando wabwino, makiyi a sitolo ali m'manja. Pafupi ndi chitseko panali jumbo ya pulasitiki yomanga pakamwa. Mtsikana uja anaima pambali pa jumboyo atavala diresi lake labwino.

"Mayi a Kadona, jumboyo ndi ya chiyani?"

"Musayambe pamaso pa alendo. Ndinakuuzani."

"Inenso ndinakuuzani. Mwanayu sapita."

"Ndiye muziphika mpaka liti? Makasitomala akuthawa kushedi chifukwa inu muli pa anyezi. Mwapirira, ndavomera, mwandidabwitsa. Koma nyumba siyenda ndi kudabwitsana. Pano sakuphika, kusukulu sakupita. Akhale chokongoletsa?"

"Apite kusukuluko."

"Bambo, musade nkhawa," analowererapo mayi a golosale mokoma. "Kwathu ntchito ndi yochepa. Kuphika, kuchapa, kuyang'anira khanda, basi. Ana otere ndimawakonda, sachita mwano ngati atsikana akuluakulu, komanso alibe za anyamata." Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kungoti wafupika. Stovu yanga ndi yaitali. Koma tipeza pokwera."

A Musataye anatsegula pakamwa, koma Kadona anawatsogolera. Iye za akuluakulu analibe nazo ntchito. Anali atamanga kale kansalu m'chiuno, chidole chili kumsana, ndipo anabwera kudzakoka msuweni wake pa dzanja.

"Tiye tikasewere usanapite. Ine ndikhala amayi. Chidole chikhala mwana. Ababa akhala ababa."

"Nanga mnzakoyo akhala ndani?" anafunsa mayi a golosale akumwetulira.

Kadona anadabwa ndi funso lopanda nzeru chotero. "Iwe akhala Iwe." Anaika manja m'chiuno, n'kukweza chibwano, ndipo mawu amene anatuluka anali a mayi ake enieni. "Iwe! Tiyi uja wapsa? Fulumira, ine ndachedwa kumsika. Ukamaliza utsuke mapoto, mwanayu umusambitse."

Mayi a golosale anaseka mpaka makiyi kugwa. "Koma ndiye wakutengerani! Ngakhale kaimidwe!"

Mtsikana uja sanaseke. Anayenda n'kukagwada pa kastovu kaja ndi diresi lake labwino, n'kutembenuza chigwiriro cha chitini kuti chiloze kukhoma, n'kuyamba kupukuta pamwamba ndi kansalu. Ankapukuta mwakhama, ngati kuti wina abwera kudzayendera.

"Kadona, siya zimenezo!" Mayi a Kadona anatsika pakhonde nkhope itatentha, cholinga chili chokamukoka khutu mwanayo. Khitchiniyo anali asanaiyang'anepo chiyambireni, ankati alibe nthawi yoonera zinyalala. Atafika pafupi anaima.

"Izi zatulukira apazi n'chiyani?"

Anawerama n'kukankha chivindikiro chimodzi ndi chala. Chinazungulira pa msomali wake, phazi lonse n'kuonekera, loyera pakati pa madontho akuda. Anakankhanso chinacho.

Kreti imeneyo anaikankhapo ndi mwendo kosawerengeka posesa, koma nthawi zonse inali mumdima wa pansi pa tebulo, kapena mwanayo ataimapo. Anali asanaonepo kuchepa kwa mapaziwo popanda mwini wake. Anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mapazi awo m'mapatapata, ndi a mwana amene anagwada pambali pawo.

"Ine inali njerwa," anatero motsitsa, osayang'ana munthu. "Njerwa ziwiri zosanjikiza. Zinkagwedera. Ndinkati ndikadzakula, ndikadzakhala ndi nyumba yanga..."

Anadzuka, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kubwerera pakhonde. Anatola jumbo ija n'kuiponya m'nyumba.

"Mayi, pepani kuti ndakuyendetsani. Mwanayu sapita."

"Ah, koma tinagwirizana. Ine ndamuchotsa kale wantchito amene ndinali naye."

"Ndalakwa ndine, munditukwane ine. Fufuzani munthu wamkulu woti afikire stovu yanu ataima pansi, muzimulipira."

Mayi a golosale anatola makiyi awo n'kunyamuka akudandaula kuti anthu a masiku ano ukawachitira chifundo amakuyalutsa. Ana a pampanda anawapatsa njira.

Mayi a Kadona anatembenukira kwa amuna awo. "Inu musandiyang'ane choncho, simunawine mpira. Lolemba mutseke shedi m'mawa, mupite naye kwa aphunzitsi aakulu. Yunifomu ndikafufuza kwa anzanga. Zophika tigawana, inu m'mawa ndi masana, ine madzulo. Koma mpunga musaukhudzenso, tatopa kudya makala."

"Mwamva, akapitawo?" anatero a Musataye. "Atichotsa pa mpunga."

Mtsikanayo anali chigwadire, kansalu kali m'manja. Sankadziwa ngati nkhaniyo yatha kapena ikubwera ina. Azakhali ake anabwera, n'kukunga nsalu yawo, n'kudzitsitsa pansi movutikira, mawondo akulira. Mayi wathupi ngati ameneyo patsogolo pa kastovu kofika m'chiuno mwa Kadona, ana a pampanda analephera kudzigwira.

"Kadona, masewerawa tiyambirenso. Bweretsa kansaluko, mwanawe." Anamulanda mtsikana uja kansalu kopukutira kaja mofatsa n'kukakoleka pa foloko ija. "Tsopano sankha wekha. Ukhala ndani? Amayi? Mwini sitolo? Adokotala obwera kudzacheza?"

Mtsikanayo anayang'ana amalume ake, kenako Kadona, kenako pansi. Anayankhula motsitsa moti azakhali ake anachita kuweramira kuti amve.

"Ndingakhale mwana?"

Mayi a Kadona anavomera ndi mutu. Kadona anamasula chidole kumsana n'kuchikhazika pa wilibala popanda mlandu, n'kumuyalira msuweni wake katoni. Mayiwo anapotokola chivindikiro chofiira, n'kutapa mchenga m'chitini cha nsomba, n'kuthothola masamba a mpanda, n'kufinyira madzi a pa mpopi wa ambulera. Anatakasa ndi kamtengo mosamala kwambiri, analawa mongoyerekeza, n'kuonjezera mchere wa phulusa.

Mtsikanayo anakhala pa katoni miyendo atatambasula, manja ali pamwendo. Kawiri konse anafuna kudzuka kuti athandize, ndipo kawiri konse amalume ake anamugwira paphewa.

"Khala pansi, zikupeza pomwepo," anatero azakhali ake. Anapakulira mchengawo pa chivindikiro cha botolo la jamu n'kumupatsa ndi manja awiri. "Idya, mwana wanga. Koma uyambe wauzira, n'zotentha."

Anachilandira, n'kuchiyang'ana kanthawi. Kenako anatupitsa masaya n'kuuzira.